Kabowo ka Thanki ya Mbandakucha

Anthu ankamutchula Mbandakucha chifukwa tambala ankalira iye atatuluka kale. Ntchito yake inali yotolera mkaka m'makola a alimi n'kukautula kumalo oziziritsira dzuwa lisanakwere. Mkaka sudikira munthu. Ukachedwa umasasa, ndipo mayi woyeza mkaka ankangoununkhiza kamodzi n'kuloza ngalande.

Kwa zaka zambiri ankayenda pa njinga yakapalasa, zigubu zachitsulo za bungwe la alimi zikugundana kumbuyo. Mawondo atayamba kulira ngati chitseko chakale, anagula njinga yamoto yokalamba kuposa mkazi wake. Inkafuka ngati uvuni wa njerwa, inkagona pakhonde, ndipo mbala zinkangoidutsa. Koma kumene akupita inkafika.

Chaka chimene kunabadwa mwana wawo woyamba, injini inatheratu mphamvu. Anapita nayo kwa mlamu wake, makaniko wa pansi pa mtengo kuseri kwa msika. Mlamuyo anaimasula yonse, zitsulo n'kuzindandalika pathumba, anaika pisitoni yatsopano, thanki n'kuipenta yofiira. Itadzuka inalira ngati yachinyamata.

"Alamu, iyi isagonenso panja, akuberani," anatero makanikoyo. "Panja muzigona inuyo. Inu ndiye palibe angakubeni."

Kuyambira pamenepo njinga inkagona m'chipinda chawo chimodzicho, pakati pa bedi ndi ndowa zamadzi.

Sabata isanathe zinayambika. M'mawa wina, atasenza mkaka, inathamanga bwinobwino mpaka pamlatho, kenaka inatsamwa, kugwedezeka, zii. Anaponda kiki yolizira injini mpaka malaya kunyowa. Anatsegula thanki kuti aone ngati mafuta atha, koma petulo anali wodzaza. Atatseka anaponda kamodzi, inalira. Patsogolo pang'ono inazimanso. Anafika dzuwa lili paliwombo, ndipo mkaka wonse unathera m'ngalande.

Makaniko anachotsa kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya. Anaitsuka, n'kuuzira timabowo take ndi pakamwa mpaka milomo kusuwa. Mawa lake anasintha paipi. Kenaka sefa. Kenaka anakhuthula thanki, nathiramo timiyala n'kuikhutchumula kuti dzimbiri lichoke. Pansi pa mtengo njinga inkalira bwino ngati palibe chimene yalakwa.

"Mwamva? Pano ikuimba kwaya. Alamu, mwina ikungodana ndi inuyo."

Anaseka onse tsiku limenelo. Masiku otsatira nthabwala zinatha. Makaniko akamuona akubwera akukankha, ankangovula chipewa n'kukanda m'mutu.

Alimi nawo anayamba kum'patsa mkaka akuyang'ana kumbali. Mayi wina wa ng'ombe imodzi anagwira chigubu osachisiya msanga.

"Bambo, ndimakama manja ali gwa ndi chisanu. Mukautayanso, bola ndizingomwetsa nkhumba pompano."

Mayi woyeza mkaka sanazungulire. Anati mkaka ukadzabweranso wosasa, njira yonse aipereka kwa wina wa njinga yatsopano amene ankapempha kale.

Mbandakucha anayesa kulawirira kuposa kale, koma ng'ombe sizikamidwa chifukwa choti munthu wafulumira. Tsiku lomaliza njinga inazima pamlatho, inazima pachigayo, inazimanso pachitunda. Apo anaikankha, mawondo akuyaka moto, mkaka ukutenthedwa kumsana kwake. Mayi woyeza uja sanaununkhize n'komwe.

"Zigubu mukazitsuke, mubweze mawa. Pepani bambo, ndayesetsa."

Madzulo dzuwa likupendeka anakhala pansi m'chipinda, atatsamira tayala. Nsapato sanavule. Chitsekerero cha thanki chinali m'manja mwake, akungochitembenuza osachiona. Mkazi wake anali pabedi akuyamwitsa. Ataona mmene mwamuna wakhalira, anafuna kum'patsako kabwino kamodzi.

"Koma chimenecho ndiye sichikuvutanso, eti bambo a mwana? Ndinakumatirani."

"Kumata chiyani?"

"Chinali chobooka pamwambapo. Fungo la petulo linkatulukira pomwepo, mwanayu n'kumatsokomola. Ndinasungunula kapulasitiki ngati mmene ndimamatira ndowa. Onani, simungadziwe n'komwe."

Anayang'anitsitsa. Zoona, sakanadziwa. Anamata mwaluso, kapulasitiki kakuda pa chitsekerero chakuda, kosalala bwino. Kabowo kameneko ndi kamene kamalowetsa mpweya m'thanki kuti petulo atsike. Popanda iko thanki imaumira mafuta ngati chigubu chotseka pakamwa. N'chifukwa chake akatsegula inkadzuka, akatseka inkafa. Iye ndi mlamu wake anapekesa injini yonse, chitsekerero akuchiika pambali ndi manja awo.

Mawu anakwera mpaka pakhosi. Anayang'ana mkazi wake, nkhope ikudikira kuyamikiridwa. Anayang'ana kachifuwa ka mwana kakukwera ndi kutsika mwakachetechete. Anameza.

"Tandipatsani singano."

Anabaya, kapulasitiki kanathothoka n'kugwera pansi. Mkazi anasiya kumwetulira. Anayang'ana kabowo, anayang'ana zigubu zopanda kanthu pakhomo, nagwira pakamwa.

"Ndi ineyo?"

"Kapezeni madzi otentha, mayi a mwana. Zigubuzi akuzifuna zoyera."

Anatsuka awiriwiri panja, wina kukwecha wina kutsukuluza. Mkazi ankapukuta maso ndi phewa chifukwa manja anali ndi thovu.

M'mawa mwake anamangirira zigubu n'kunyamuka. Njinga inadutsa pamlatho osatsokomola. Pachitunda inakwera ngati kuli wina akuikoka. Kumalo oziziritsira anapeza wa njinga yatsopano uja akutsitsa mkaka, nthawi idakalipo yambiri. Mbandakucha anamasula zingwe, anaika zigubu pakhoma, mayi woyeza mkaka n'kugwedeza mutu osadzutsa maso.

Anatuluka pageti n'kuima m'mbali mwa msewu, phazi limodzi pansi. Injini inkalira bwino, mofatsa, osadumphadumpha. Anakhala choncho akuyang'ana uku ndi uku. Kenaka, poona kuti akungotha petulo, anaizimitsa yekha.