Limbani amuyitana ku timu ya dziko, koma mayina ndi awiri

Mwaswera bwanji nonse.

Masana ano tili m'chigafa kusankha fodya, foni ya Limbani wanga inalira. Anali kochi wa timu ya dziko. Akuti mwanayu ali m'gulu la anyamata amene asankhepo okasewera mpikisano waukulu wa mpira kunja, ndipo Lolemba akafike ku kampu ndi mapepala onse opangitsira pasipoti.

Ndinalulutira mpaka anthu a nyumba zoyandikana anathamangira kuno. Koma iye atatulutsa mapepalawo m'sutikesi, anayamba kuwafananiza.

Mukukumbuka chaka chomwe analephera Sitandade 8? Ndine ndinapita naye kusukulu ina ku Kaomba kuti akabwereze ndi dzina latsopano, Yamikani, ndipo ndinamuchotsera zaka ziwiri. Ndiye satifiketi ndi chitupa cha unzika zikuti Yamikani. Khadi la ubatizo ndi la timu yake ya pa Boma akuti Limbani, zakanso n'zosiyana.

Mapepalawo anawayala pa belo la fodya, awa uku, awa uku, n'kundifunsa kuti, "Amayi, ndiye ku kampuko apite ndani?" Mpaka pano mtima sukukhala m'malo.

Bambo ake akuti tingokhala chete, atenge mapepala a Yamikani basi. Ine ndikuopa. A ku kampuko akakaona kusiyanako amuchotsa ngati wobera zaka, dziko lonse likumva pa wailesi.

Achimwene a ku Lisasadzi, inu za m'maofesi mumazidziwa. Tikaulule tokha mawa, kapena tidikire mpaka atulukire okha? Enanso nonse yankhanipo msanga chonde. Mwanayu sananame. Ndinanama ndine.