Kusambitsa Munthu Wamoyo

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga. Pamene ndinkachoka kwathu ku Chidzolomondo, fodya anali atakana zaka zotsatizana, ndipo ana anali atayamba kugona ndi njala. Ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Furancungo, minibasi yomwe timati shapa mpaka ku Tete, kenako Beira. Kumudzi ndinatumiza mawu akuti ndapeza ulonda. Zoona zake n'zakuti ndinali serevente pa chipatala china, wokolopa, wotaya zonyansa za odwala ndi kuwasambitsa.

Masiku oyambirira ndinkasanza kuseri kwa chimbudzi. Fungo la bala lowola limamatirira m'mphuno, ukamadya lilipo, ukamapemphera lilipo. Ndinkakhala m'kachipinda ka malata pakati pa anthu olankhula Chisena ndi Chindau, ndipo mwezi unkatha osamva munthu akundiitana kuti aPhiri. Ndalama ndinkatumiza pafoni, koma mawu ndinkaumira. Mkazi wanga akafunsa za ntchito ndinkangoti, "Chipata n'chipata, mayi. Kutsegula ndi kutseka basi."

Kuwerenga ndinaphunzira imvi zitayamba kale, ku alfabetizasau ya akuluakulu. Anandikakamiza ndi Dona Selesite, namwino wamkulu wa m'chipinda cha odwala momwe ndinkagwira ntchito, amene anakana kuti ndizigwira botolo lomwe sindingawerenge dzina lake. Liwu lalitali loyamba kuligonjetsa linali kolorekisidina, sopo wamadzi wofiirira wopha tizilombo ta pakhungu. Ataona kuti odwala ochokera kwathu sakumva Chipwitikizi, anandipatsa ntchito yowaphunzitsa kasambidwe ka munthu woyembekezera operasau, kuchekedwa ndi dotolo.

Ndinkawauza kuti asambe madzulo, asambenso m'mawa wa tsikulo. Sopoyo ayambire m'khosi kutsika, asafike m'maso kapena m'makutu. Atsuke m'khwapa, pamchombo ndi m'mphechepeche, adikire pang'ono thovu lisanatsukuluzidwe, adzipukute ndi nsalu yochapa, avale zochapa. Lumo ayi, chifukwa limasiya timabala tolowera matenda. Mafuta odzola ayinso.

"Ndiye mwati tikaonekere kwa dotolo tili mbuu ngati tagona paphulusa?" anandifunsa mkulu wina wa ku Ntengo-Wambalame, anzake n'kumaseka.

"Mbuu ameneyo ndi amene akakutulutseni muno ndi miyendo yanu," ndinamuyankha. Ndinali nditawaona amene ankadzimeta mobisa ndi lumo lakale, n'kubwerako bala litatupa, mafinya akudontha pa machira.

Zaka zonsezo ndinkadzitonthoza kuti uve ndi wa m'tauni, kumene munthu amadwala yekha. Kwathu, ndinkatero, wodwala amakhala m'manja mwa abale.

Ndinabwerera nditapuma pantchito. Achimwene anga aakulu, a Zakariya, amene anasunga munda wanga nthawi yonseyo, anali atafa dzanja ndi mwendo chifukwa cha tensau, nthenda yothamanga magazi, akazi awo atamwalira. Analinso ndi chotupa m'munsi mwa mimba, ndipo ku Tete anali atawapatsa tsiku la operasau. Pafoni mlongo wathu Naphiri ankangoti, "Ali bwino, tikuwasamala."

Fungo linandichingamira ndisanafike pakhomo pa achimwene. Linali lomwe lija la ku Beira. Chakudya ankawaikira pakhomo n'kuthawa. Bulangete linali litauma gwa ndi mkodzo, nsabwe zikuyenda m'mphepete mwa malaya. Nditakweza nsalu ndinapeza khungu la pamalo pomwe dotolo adzacheke litafiira, litayamba kusupuka. Ndinadziwa kuti akapita chonchi awabweza, kapena akawacheka balalo lidzawola. Anthu a kutchalitchi anabwera tsiku lomwelo, naimba nyimbo zabwino ataima panja.

"Anasamba liti?" ndinafunsa.

"Ine mlongo wawo ndingawaone thupi bwanji?" anatero Naphiri. "Musandiyalutse, achimwene."

"Nanga amuna onse ali pamudzi panowa?"

Mwana wake Fernando, bambo wa ndevu zake, anayankha akuyang'ana pansi. "Malume, mwaiwala za kwanu. Mwamuna akasambitsidwa ndi amuna anzake ndiye kuti ndi maliro. Mukufuna anthu anene kuti tikuwafulumizitsa? Tsiku lopita ku Tete tidzawameta, tidzawadzoza mafuta, adzaoneka bwino."

Pofuna kundionetsa kuti si anthu osasamala, Naphiri anatulutsa dengu pansi pa bedi lake. Munali sopo watsopano wosatsegula, beseni losagwirapo ntchito ndi nsalu yoyera yopindidwa bwino. "Zonse tinakonzeratu," anatero. "Tsiku la maliro awo likadzafika sadzachita manyazi."

Ku Beira ndinasanzapo chifukwa cha mabala, koma dengu lija linandinyansa kuposa bala lililonse. Ndinadzinyansanso ndekha, munthu wodziwa kusambitsa alendo, m'bale wanga akuwola ine ndikungotumiza ndalama za metikali.

Ndinalowa kwa a Zakariya n'kukhala pamphasa pafupi nawo. "Achimwene, ku Beira sindinali mlonda. Ndinkasambitsa odwala."

Anandiyang'ana, kenako pakamwa pawo popotoka panagwedezeka. Ankaseka.

"Iwe, ndi ulesi wako uja? Amoyo?"

"Amoyo."

"Ndipo ankadzuka?"

"Ambiri ankadzuka. Inunso ndikufuna ndikusambitseni. Tiyamba ndi sopo wamba mpaka khungu lipole. Wamankhwala ndili naye m'chikwama, ameneyo ndi wa tsiku la operasau. Lumo la Fernando lisakukhudzeni."

Ntchentche inkayenda pa dzanja lawo lakufalo. "Anthu adzati ndafa," anatero. Kenako anawonjezera, "Chitseko udzasiye chotsegula. Azimva ndikukutukwana."

M'mawa mwake ndinatereka madzi pamoto pabwalo, anthu akupita kumunda akuona. Ndinalowa kwa Naphiri osaodira, ndinatenga dengu lija, ndinang'amba pepala la sopo ndi mano. Nsalu yoyerayo ndinaidula pakati, chidutswa china chosambitsira, china chopukutira. Ndinaitana Fernando kuti adzagwire amalume ake kumsana. Anaima patali, manja ali m'thumba, mpaka achimwene anakuwa m'nyumba kuti madzi akuzizira. Anabwera, ndipo ndinamuonetsa poyambira.