Wogwira Chingwe cha Nevyana

Strahil anabadwa wowonda ndipo adzafa wowonda, zimenezo aliyense ku Vratsa kuno akuzidziwa. Ine Dobrin ndinakula naye mumdadada umodzi, ndipo ndinene poyera, munthu ameneyu ndamuchitira nsanje kuyambira tili ku pulayimale. Mayi ake ankamupakulira nyemba ndi soseji mbale yodzaza, kumuwonjezera buledi wopaka mafuta a nkhumba, iye n'kuseteka zonse, n'kudzuka nthiti zili pamtunda. Ine kungodutsa pafupi ndi poto, lamba wayamba kale kuthina.

Tili anyamata tinayamba kukwera mathanthwe a ku Vratsata, kunja kwa tauni yathu. Strahil ankakwera ngati buluzi. Ine ndikangokwera pang'ono ndinkaterereka, kenako ndili lende pachingwe, anzanga pansi akuseka chikhakhali. Titakula iye anapeza ntchito yokonza madenga a nyumba zosanja. Ine ndinalowa m'bekari ya amalume anga kuphika banitsa, chitumbuwa chathu cha tchizi chija, ndipo mimba inapitiriza ulendo wake.

Ndiye kunabwera Nevyana, mphunzitsi wa masewera, wochokera ku Vidin kumene ankapalasa bwato la mpikisano pa mtsinje wa Danube. Mapewa ake, abale inu! Woyamba kumuona ndinali ine, poti ankagula banitsa kwathu m'mawa uliwonse. Woyamba kumutengera kumathanthwe ndinali ine ndemwe. Koma atangoona Strahil akuyenda pakhoma la mwala mosatekeseka, nkhani yanga inathera pomwepo. Paukwati wawo buledi ndinaphika ndine, ndipo ndinavina mtima ukuwawa.

Pokwera thanthwe mumakhala awiri. Wina akukwera, akukoletsa chingwe m'mbedza zokhomedwa m'mwala. Mnzake ali pansi, chingwe chomwecho chili pa lamba wa m'chiuno mwake, akumasula pang'onopang'ono. Wapamwamba akagwa, chomuimitsa ndi thupi la wapansiyo. Tsono vuto linali lakuti pa sikelo Nevyana ankamuposa mwamuna wake, ndipo osati pang'ono.

Loweruka lina Nevyana anali pa njira ina yovuta, imene pamwamba pake thanthwe limapendekera kunja, ndipo dzanja linaterereka. Strahil anangoti nyamu! m'mwamba, miyendo ili balala, mpaka anakagundana ndi mkazi wake m'malere, mitu gu! Nevyana anaima mapazi atatsala pang'ono kukhudza pansi. Palibe anaseka tsiku limenelo.

"Muzidzimangirira kumtengo uwo," anatero Nevyana akusisita chipumi, "kapena muzikoleka thumba lolemera m'chiuno."

"Ine? Ndasanduka mbuzi kodi?" anayankha Strahil.

Sindimudzudzula. Kuno odzimangirira ndi ana ongoyamba kumene. Bambo wandevu akayerekeza kutero, madoda a m'kalabu yathu ya okwera mathanthwe amamuseka mpaka Khirisimasi.

"Chabwino," anatero Nevyana, n'kutembenukira kwa ine. "Alamu, kuyambira lero chingwe changa muzigwira ndinu."

Ha! Kwa nthawi yoyamba chibadwire, chithupi changachi chinapeza ntchito. Loweruka lililonse ndinali pansi pa thanthwe, chingwe cha Nevyana chili m'manja. Akagwa, ine ndimangoti chilili, osasuntha ngakhale chala.

"Alamu, mwagwira?"

"Ndagwira, mlamu! Igwaninso!"

Strahil ankakhala pamwala chapatali, akutafuna nthanga za mpendadzuwa n'kumalavula makoko mokwiya, maso ali psuu. Bodza n'loipa, ine ndinkamva kukoma.

Ndiye Strahil anapita kufamase ya pafupi ndi msika kukagula chigubu cha ufa wonenepetsa, uja wosafuna kalata ya dokotala, wojambulidwa chimunthu cha minofu pachikuto. Ankasungunula mumkaka, m'mawa, masana ndi madzulo. Wa chokoleti utamukola anagula wa vanila, kenako wa nthochi. Anawonjezera mapilisi a mafuta a nsomba, ndi kaufa kena koyera kamene anyamata onyamula zitsulo amakatamanda. Akatero ankabwera kubekari kudzakwera pa sikelo yathu yoyezera matumba.

"Muvi wasuntha, aise?"

"Wasuntha, koma chobwerera m'mbuyo. Wadzera kuchimbudzi eti?"

"Choka iwe! Sikelo yakoyi ndi yakufa."

"Yakufa bwanji, ine imandinena zoona tsiku lililonse?"

Anamwa nyengo yonse yozizira. Mimba yake inkalira mpaka oyandikana nawo nyumba kumva, ndipo Nevyana ankatsegula mawindo chipale chofewa chikugwa panja. Wogulitsa kufamase anamuuza kuti vuto ndi kuchepa kwa ufa, n'kumunyengerera kugula zigubu zambiri nthawi imodzi. Strahil anagula, koma m'mero munali mutakana kale, ndipo zigubuzo zinangounjikana pakhonde zosatsegula. Ine ndinalawako kapu imodzi yokha, ndikulumbira, batani la malaya linadumpha sabata yomweyo. Mwaona chilungamo cha dziko lino? Iye ankasirira thupi langa, pamene ine ndinkasirira china chilichonse chimene anali nacho.

Chipale chitasungunuka, Nevyana ananena kuti akufuna kuyesanso njira inamugwetsa ija. Ndinalawirira, nditameta ndevu, banitsa yotentha ili m'pepala. Madoda a m'kalabu analipo, pamodzi ndi a Parvan, mkulu wamwano kuposa onse. Nevyana anali atamanga kale chingwe m'chiuno, nsonga ina ili kwa ine, pamene Strahil anatulukira m'kanjira atapindika ndi chikwama chakale cha asilikali kumsana.

"Ukusamuka, aise?" ndinamufunsa.

Anatula chikwamacho pansi, n'kuchitsegula. Munali zigubu zokhazokha, za chokoleti, za vanila, za nthochi. Anachimanganso bwinobwino, n'kutenga kachingwe kakafupi, n'kuchikoleka pa lamba wa m'chiuno mwake anthu onse akuona.

"Taonani mbuzi yadzimangirira yokha!" anakuwa a Parvan. "Meee!"

Madoda onse analandira nyimbo, meee, meee, mpaka thanthwe linayankha. Makutu a Strahil anafiira, koma sanamasule kachingweko.

"Sekani, madala," anatero. "Wa kufamase analonjeza kuti ufa umenewu undiwonjezera makilogalamu. Lero ugwire ntchito yake." Kenako anatambasulira dzanja kwa ine. "Dobrin, bweretsa chingwe cha mkazi wanga."

Ndinayang'ana Nevyana, poganiza kuti mwina anena kuti ayi, ine ndazolowera alamu. Sankandiona n'komwe. Maso ake anali pa kamunthu kake kowondako, kali chilili pakati pa anthu okalirira ngati mbuzi.

"Mwachedwa nazotu, bambo," anatero Nevyana motsitsa mawu.

Ndinapereka chingwe. Nevyana anakwera mpaka pa malo opendekera paja, anatambasula dzanja, n'kuphonya. Mumtima ndinkati anyamuke, anyamuke ngakhale pang'ono! Strahil anangoimirira pa zala, chikwama chinagwedezeka, zigubu zinalira kho kho, basi, mapazi anabwerera pansi.

"Muli pansi?" anafuula Nevyana ali lende, akuseka.

"Ndili pansi, mayi! Igwaninso!"

Mawu anga amenewo, wakuba iyeyu! Ngakhale mawu anandilanda. Nevyana anayesanso, ndipo ulendo uno anadutsa mpaka pamwamba. A Parvan anasiya za mbuzi zija n'kuyamba kuwomba m'manja, ine ndinawomba nawo, poti ndikanatani.

Potsika phiri Strahil anandigwira paphewa. "Aise, msana wanga watha. Iwe uli ndi thupi, tandinyamulira chikwamachi."

Ndinachibereka. Awiriwo anatsogola akudya banitsa yanga, mkono wa Nevyana uli pakhosi pa mwamuna wake, ine ndili m'mbuyo zigubu zikundigogoda msana. Strahil akadali wowonda mpaka lero, ufa anasiyiratu, ndipo akukonzabe madenga. Loweruka lililonse salephera kundiimbira foni kuti tipite limodzi kumathanthwe, ndipo ine ndimapita, poti chikwamacho chimafuna munthu wochikweza phiri.