Mimba Imene Sanaione

Ndinabala mwana wanga woyamba ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, anzanga amene tinkasewera nawo fulaye atayamba kale kubereka zidzukulu kumsana. Sikuti ndinkanyada ayi. Mayi atamwalira, ine monga wamkulu ndinatsala ndi ana anayi m'manja, ndipo mwamuna aliyense wobwera kudzandifunsira ankayang'ana timitu tija n'kutsanzika mwaulemu. Pamene womaliza ankapeza banja, imvi zinali zitayamba kusuzumira m'mphepete mwa duku langa. Kenako ndinakwatiwa ndi bambo wina wa ku Kasina amene mkazi wake anamwalira, nabwera kudzakhala kwathu kufupi ndi Lobi.

Mimba ziwiri zoyamba zinapita padera zisanaoneke n'komwe. Zonse ziwiri ndinali nditauza munthu mmodzi yekha, mng'ono wanga wondiponda pamutu. Anamwino anati vuto ndi msinkhu wanga komanso kuthamanga kwa magazi. Ndinavomera ndi pakamwa, koma mtima unkandiuza zina. Anyamata a mng'ono wangayo anali atayamba kale kulima mbatatesi kumtunda kwa munda wanga, ati akundithandiza, ndipo chaka ndi chaka mizere yawo inkatsikira kumunsi. Kwathu munda umatsata mimba ya mkazi. Ndikanafa wopanda mwana, wonsewo ukanakhala wawo. Sindinamuonepo ndi mankhwala, ndisaname, koma phala limene ankandiphikira masiku amenewo linkandikanda pakhosi.

Itabwera yachitatu ndinatseka pakamwa. Anadziwa ndi abambo akunyumba okha, nawonso ndinawaopseza kuti akangoyerekeza kutulutsa mawu kumowa, akapitirire konko kwawo. Kuzizira kwa kwathu kunandithandiza. Miyezi ya chisanu aliyense amayenda atadziunjikira zovala, ndiye ndinagula jekete lalikulu lachimuna pa kaunjika ku boma, n'kumalivala ngakhale popita kudimba.

Tsiku lina mng'ono wanga anandipeza ndikupeta nyemba. "Achemwali, mwayamba kunenepa bwanji? Alamuwa akukudyetsani chiyani?"

"Nyemba zomwezi," ndinatero. Anaseka, koma maso ake sanachoke pa mabatani a jekete.

Pali mwambo wina kwathu wotchedwa chisamba. Mimba yoyamba ikaonekera, amayi achikulire a pamudzi amabwera kudzamulangiza mwiniwake za kadyedwe, za mchere ndi za tsiku lochira. Ine ndinauzemba. Ndinkaona kuti manja ambiri pamimba panga ndiwo andibweretsere tsoka lina. Ndinkautenga ngati mwambo wa malangizo chabe, osadziwa kuti amayi aja akamachoka amakhala atanyamulanso umboni.

Mimba itakula, anamwino anati pa msinkhu wanga ndisayese kuchirira kumudzi. Ndinapita kukadikirira kuchipatala cha ku boma, pamudzi tikunena kuti ndakadwazika mlamu wanga. Kumeneko anandichita opareshoni, ndipo anatuluka mwana wamkazi, wamng'ono koma wa mawu ngati belu la kutchalitchi. Ndinalira ndi chimwemwe mpaka ulusi unandikoka.

Nditatsika njinga yamoto pabwalo lathu, khanda lili m'manja, palibe analuluta. Anthu anabwera ndithu kudzaona mwana, koma ambiri ankayang'ana ine. Mkaka wanga unali wochepa, ndinkawonjezera wa m'botolo, ndipo botolo lija linalankhula m'mudzi kuposa ine mwini. Ena anati ndakagula mwana kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Ena anati ndi wa mtsikana wa sukulu amene anaopa makolo ake. Mayi wina wa m'kwaya mwathu anafika pondifunsa kuti, "Kodi ameneyu tizimuti mwana wanu kapena mdzukulu?" Ndinamuyankha kuti amutchule mmene angafunire, bola asamugwire. Nkhani zonsezi ndinkadziwa khomo limene zinkatulukira, kapena tinene kuti ndinkaganiza kuti ndikulidziwa, chifukwa mng'ono wanga yekha ndiye sanabwere kudzamunyamula mwanayo.

Kenako anabwera atsibweni, alongo awo a malemu mayi, amene amayang'anira mbumba yathu. Anakhala pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Amayi anu aakulu akuti mimba sanaione," anatero. "Mwana amene mimba yake sinaoneke, mbumba imulandira bwanji? Mawa akadzakula, adzaima pamunda uti?"

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinafuna kuwaonetsa zolembedwa za kuchipatala, koma anati pepala sabereka. Ndinaona kuti ndikakana, mwana wanga adzakula ngati mlendo pakhomo pa amake.

M'mawa mwake analowa m'nyumba amayi atatu: amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, ndi anzawo awiri achikulire. Mng'ono wanga analowa pambuyo pawo n'kukhala pafupi ndi chitseko. Ine, munthu wa imvi, ndinamasula chitenje ngati namwali. Anaona chilonda cha opareshoni chisanapole bwino.

"Wochotsedwa chotupa amakhalanso ndi chotere," anatero mmodzi mwa amayi aja.

Amayi aakulu anasendera pafupi. Anandigwira bere ndi manja awo ozizira n'kufinya. Panatuluka timadontho, tochepa ndithu, koma toyera. Anayang'ana mzere wakuda wotsika kuchokera pamchombo, anayang'ana makutu a khanda, kenako anapukuta dzanja pansalu yawo.

"Mwanayu ngwathu," anatero. "Koma iwe, usadzabwerezenso kubisa mimba ngati mbuzi yakuba."

Amayi aja atatuluka, mng'ono wanga anatsalira. Ndinkavala chitenje ndisakumuyang'ana.

"Wakhutira?" ndinamufunsa. "Kauze anyamata ako achotse mizere yawo."

"Achotsa," anayankha. "Ine ndinadziwa kalekale, achemwali. Jekete silibisa kayendedwe. Ndinkadikira kuti mundiuze, simunandiuze. Ndiye ndimati ndibwere kudzanyamula mwana wa munthu amene amandiyesa mfiti?"

Sindinadziwe ngati akunena zoona, ndipo mpaka lero sindidziwa.

"Komatu pali chimodzi," anapitiriza motsitsa mawu. "Inu magazi amakuvutani, alamu nawo ndi awo akuyendera ndodo. Mwanayu akamadzatha msinkhu, inu mudzakhala muli kuti? Adzamulera ndani?"

Ndinamuda chifukwa cha funso limenelo, popeza ndi lomwe linkandisowetsa mtendere kuyambira tsiku limene ndinamva mwanayo akulira. Ndinayendetsa maganizo pa abale onse. Alongo athu ali kwa akazi awo, womaliza uja anakwatiwa kutali. Panatsala iye yekha, mayi wa anyamata a mbatatesi aja.

Mwana anadzuka n'kuyamba kulira pamphasa. Mng'ono wanga anatambasula manja, osasendera, kudikira kuti ndinene ndine. Ndinamunyamula mwana wanga, ndinamufunditsa bwino, ndipo ndinamupereka. Nthawi yonse imene anamufungatira, maso anga anali pa zala zake.