Denga la nsalu la galimoto ya Bambo

Lolemba m'mawa foni inalira ndikutsuka mbale. Anali achimwene anga a Lameki, amene amakhala ku Pamodzi ku Ndola. Iwo moni wautali wa pa foni saudziwa.

"Mlongo, mawa ukwere basi ubwere kuno. Tidzachape denga."

"Denga la nyumba? Ukalamba wathu uno mukufuna tikwere pamalata?"

"La motoka. A Nyirenda ayipempha Loweruka."

Ndinapukuta m'manja n'kukhala pansi.

Inu amene simunakulire ku Chamboli, komboni ya mgodi ku Kitwe, dikirani ndikufotokozereni. Bambo athu anali kalaliki pa mgodi. Mzungu wina wa ku ofesi kwawo, pobwerera kwawo, anawagulitsa kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri, ka denga la nsalu lopindikira kumbuyo ngati ambulera. Amayi anakwiya mwezi wathunthu. Ana tinali odzadza nyumba, koma galimotoyo inali ndi mipando iwiri kutsogolo, ndi kabenchi kumbuyo koti anthu awiri akwanepo pokhapokha ngati akukondana.

"Amuna anzanu akugula vaneti," ankatero Amayi. "Inu mwagula chipewa cha matayala."

Chipewacho sichinachedwe kupeza ntchito. A Nyirenda, amene ankatsogolera kwaya ku tchalitchi kwathu, anapempha kuti adzakweremo ndi mkwatibwi wawo. Kuchokera tsiku limenelo, ukwati wa mumpingo mwathu unali usanathe ngati akwati sanazungulire Chamboli m'galimoto yofiira, Bambo ali pachiwongolero atavala jekete, amayi a mvano akuyala zitenje mumsewu, a njinga akuimba mabelu pambuyo. Ngakhale anansi athu Achibemba ankatuluka m'nyumba kudzaimba nthungululu.

Bambo atamwalira galimoto inatsala ndi achimwene, chifukwa ndiwo anadziwa sipanala.

A Nyirenda aja tsopano ndi nkhalamba. Chaka chatha anadwala sitiroko, ndipo mawu amatuluka limodzilimodzi. Ana awo anakonza mapemphero othokoza Mulungu chifukwa cha ukwati wa makolo awo, ku tchalitchi komwe anaumangitsira. Anali atapeza kale galimoto yaikulu ya magalasi akuda. Mkuluyo atauzidwa anapukusa mutu, n'kunena liwu limodzi: "Yofiira."

Mwana wawo woyamba, Esinati, ndi namwino, ndipo sasekerera. Anauza achimwene kuti bambo ake ali ndi chifuwa, mvula yayamba, choncho denga likhale lotseka ndipo lisadonthe. "Ba Lameki, dontho limodzi likagwera Adadi, ndiwatsitsa pomwepo."

Lachiwiri ndinakwera basi ya ku Ndola kuchokera ku Kitwe, kumene ndimakhala. Galimoto ndinaipeza pansi pa mtengo wa mango, ndipo mtima unandiwawa. Denga lija, limene kale linali lakuda bii, linali litatuwa, m'mbali mutamera chuku chobiriwira, pamwamba zitosi za mbalame ndi utomoni. Achimwene anati mkamwini wawo, pofuna kuwasangalatsa, anaitengera kochapitsa magalimoto, kuja amathira madzi ndi paipi yobangula. Inabwerako ikunyezimira, koma mvula yotsatira inalowa ngati m'sefa.

"Anachita ndi mtima wabwino," anatero achimwene. "Ndiye ndikanamukalipira bwanji?"

Tinaikankhira pansi pa shedi, chifukwa nsalu siichapidwa padzuwa, sopo amaumiramo. Palibe anauza mnzake chochita. Manja athu ankakumbukira okha.

Mwezi wa Okutobala uliwonse, kutentha kukafika poti phula la mumsewu likufewa, Bambo ankatulutsa ndowa ziwiri ndi burashi yofewa imene sinkagwira ntchito ina iliyonse m'nyumba mwathu. Oipukutira nsapato ankaona zakuda. Ankayamba kusesa dengalo lili louma, kuchotsa fumbi la ku mgodi. Masiku amenewo mphepo ikatembenuka inkabweretsa senta, utsi uja woyabwa pakhosi, ndipo Bambo ankati ngati ukufoola masamba a m'dimba, nanga nsalu ungaisiye? Kenako madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosalusa. Sopo waufa ndi mankhwala oyeretsera zovala anali oletsedwa ngati mowa.

Ine ndinali wopupuluma, ndinkakhula ngati ndikutsuka poto. Bambo ankandigwira dzanja.

"Nsalu siimenyedwa, mwanawe. Imanyengereredwa."

Lachiwiri lija ndinamva mawu omwewo akutuluka m'kamwa mwa achimwene, ndipo nditatukula mutu ndinadzidzimuka. Imvi zomwezo, kupendeka khosi komweko, ngakhale kanyimbo ka m'mphuno kopanda mutu. Kodi mlongo wako amasanduka liti bambo ako iwe osaona? Ndinazindikira kuti papita nthawi yaitali ine ndi iwo tisanakhale tsiku lathunthu limodzi popanda maliro.

Tinakhula pang'onopang'ono, kutsata mmene ulusi unayendera, iwo mbali iyi ine mbali iyo. Thovu linayamba lobiriwira, kenako lofiirira, kenako loyera. Chuku cha m'misoko chinavuta, tinachibwereza ndi kamswachi kakale. Potsukuluza achimwene anachotsa kamutu ka paipi kuti madzi azingoyenderera, mpaka thovu lonse litatha, pakuti sopo wotsalira m'nsalu ndiye amaitana madzi.

Lachitatu linali tsiku lodikira kuti liume. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinakhala pakhonde tikuyang'ana mitambo ya cha ku Congo, tikuwerengana mayina a amene anakwerapo pakabenchi kaja. Awa anabwerera ku Malawi atapuma ntchito. Awa ali ku Lusaka kwa ana. Awa anasiyana chaka chisanathe, galimoto inalibe mlandu. Awa tinawaika. Awanso tinawaika. Alamu anga anatulutsa tiyi n'kutipeza tikuwerengabe.

Lachinayi ndiye tinakangana. Mwana wa achimwene anali atawabweretsera chitini cha mankhwala opopera, oti nsalu isamalowe madzi. Iwo ankachiyang'ana ngati mlendo wofika nthawi ya chakudya. M'thumba la ovolosi anali ndi kandulo.

"Bambo ankapaka kandulo m'misoko, ndipo sitinanyowepo."

"Achimwene, Bambo ankapaka kandulo chifukwa chitini kunalibe. Akanachiona akanagula ziwiri."

"Iwe umawadziwa Bambo kuposa ine?"

Alamu ndiwo anaweruza ali pazenera la kukhitchini: popererani chitini nsalu yonse, chikauma kandulo ipite m'misoko, aliyense akhale ndi chonena. Tinaphimba magalasi ndi penti ndi manyuzipepala akale. Achimwene anapopera mopyapyala, kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, tinadikira kuti kuume, n'kubwerezanso. Madzulo ndinatunga madzi m'kapu n'kuwaza pamwamba. Anaundana timipira ngati mikanda, n'kugubuduka kugwera pansi. Achimwene sanayamikire chitini. Anangoti kandulo yagwira ntchito.

Ndili m'basi yobwerera ku Kitwe ndinkaona malo ochapira magalimoto m'mbali mwa msewu, pena awiri moyandikana. Sitinakhalepo aukhondo chonchi. Koma taonani chimene timalipira: kunyezimira. Matayala apakidwe mafuta, m'kati mununkhire, basi. Ndani amafunsa ngati chinthucho chidzafike chaka chamawa?

Ku Chamboli kwa ubwana wanga, mvula inkalandiridwa ngati apongozi. Isanafike, abambo ankakwera padenga kukhoma misomali, amayi ankafukula ngalande ya kuseri kwa nyumba, ndipo kunkadutsa mkulu wina pa njinga wokonza maambulera. Kodi munamuonanso munthu wokonza ambulera? Lero ikathyoka nthiti imodzi timaitaya m'ngalande, ngalandeyo n'kutseka, madzi n'kulowa m'nyumba, ife n'kuyamba kutukwana a khonsolo pa wailesi.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino. Nyumba sizinali zathu, senta inkatitsokomoletsa, ndipo Bambo anagwira ntchito zaka zambiri pansi pa anyamata amene iwo anawaphunzitsa. A khonsolo nawonso ali ndi zawo zoti ayankhe. Ndikungonena kuti anthu aja sankadikira kuti chinthu chidonthe. Ankachigwira chikadali chouma, ndipo pochigwirapo ankaitana mnzawo. Mwina n'chifukwa chake ankadziwana.

Loweruka achimwene anafika ku Kitwe cha m'ma 9, atavala jekete. Ine ndinakhala kutsogolo. A Nyirenda tinakawatenga ku Bulangililo, kumene akukhala tsopano. Kuwalowetsa pakabenchi kakumbuyo inali ntchito ya amuna awiri, koma atakhazikika anasisita mpando ndi dzanja lawo labwinolo, Mayi Nyirenda atapanikizika pambali pawo ndi chipewa chawo choyera. Esinati anayendera denga lonse ndi chala ngati akufuna mtsempha, kenako anakwera galimoto yaikulu ija n'kumatitsatira.

Tisanafike n'komwe pakati pa tauni, kunja kunada. Mvula inabwera ya mkokomo, ija yogwa chammbali. Padenga pankamveka ngati ng'oma. Achimwene anagwira chiwongolero ndi manja awiri, ine maso ali m'mwamba kuyang'ana misoko. Kutsogolo kouma. Pamwamba pa a Nyirenda pouma. Pambuyo pathu nyali za Esinati sizinkachoka.

Nditacheuka kachiwiri ndinaona. Pakona, pamene nsalu imakumana ndi kawindo kakumbuyo, madzi ankadontha pang'onopang'ono, kugwera paphewa la Mayi Nyirenda. Diresi yawo inali itada kale pamenepo. Ndinatsegula pakamwa, iwo n'kuika chala pamilomo.

"Khala chete, mwana wa a kalaliki," ananong'ona. "Pakona pomwepa panadonthanso tsiku la ukwati wathu. Bambo ako sindinawauze mpaka anapita."

A Nyirenda anamva. Phewa lawo linayamba kugwedezeka, ndipo ndinachita mantha kuti ndi chifuwa chija. Ayi, ankaseka. Kuseka kwa mbali imodzi ya nkhope, misozi ikutsika. Achimwene anayang'ana pagalasi, makutu awo atamva zonse.

Pa tchalitchi Esinati anathamanga ndi ambulera, n'kupapasa jekete ya bambo ake kuyambira kolala mpaka m'manja. Youma. Mayi ake anali atafunda kale shawelo paphewa, nkhope ili ngati ya munthu amene sanabisepo kanthu moyo wake wonse.

Mapemphero atatha tinatuluka kunja kutayera, dzuwa likuwala pamatope. Titawakwezanso, a Nyirenda analoza m'mwamba.

"Tsegulani."

"Awe, Adadi," anatero Esinati. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana bambo ake, kenako anavula sikafu yake n'kuwakulunga m'khosi. "Kamodzi kokha. Pang'onopang'ono."

Amene anazengereza anali achimwene. Denga linali lonyowa, ndipo aliyense wosunga galimoto yotere amadziwa kuti nsalu yonyowa siipindidwa. Ukaipinda, chuku chimabwerera, ntchito ya sabata yonse n'kupita m'madzi. Anaima atagwira chotsegulira, akundiyang'ana.

"Tidzachapanso," ndinatero.

Tinalipinda. Tinazungulira Chamboli pa liwiro la munthu woyenda pansi. Misewu ndi yokumbika, nyumba zambiri zili ndi mipanda tsopano, ndipo ambiri amene anatuluka kudzaona sankadziwa kuti nkhalamba ziwirizo ndani. Koma amayi ena achikulire, ogulitsa tomato pambali pa msewu, anaimirira, anayang'anitsitsa, n'kumasula chitenje chawo chapamwamba kuchiyala pamatope. Achimwene anadutsapo bwinobwino. A Nyirenda anakweza dzanja, n'kuyamba kuligwedeza m'mwamba ndi m'munsi monga ankachitira kutsogolo kwa kwaya.

Tsiku lina, Mulungu yekha akudziwa liti, kwa a Nyirenda kudzakhala tenti ndi mipando. Tonse tidzapezeka. Mafuta adzapezeka, nthawi idzapezeka, magalimoto adzandandalika mpaka kumsewu waukulu, otsukidwa bwino, nyali zili zoyaka masana. Pa zimenezo ife a ku Copperbelt palibe amatiposa.

Nanga nkhalamba ya kwanu, imene ikukhala pakhonde lero ikuyang'ana kugeti, mudzaikweza liti ikadali yotha kukuuzani njira imene ikufuna kudzera?