Sitima ya a Walter Imene Ndinaitsuka

Loweruka limenelo ndinayenera kugona mpaka dzuwa lifike pamutu, pakuti ndinali nditagwira ntchito masiku khumi osapuma. Koma 7 koloko m'mawa inandipeza pa siteji ya basi ku North York, madzi ozizira akulowa m'nsapato, nditakumbatira chibokosi cha pulasitiki.

M'chibokosimo munali sitima ya chidole: mutu wachitsulo wakuda, mabogi anayi ofiira, njanji zake ndi kiyi wopukusira. Mwini wake anali a Walter, nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi anayi imene ndinali nditaisamalira zaka zitatu ku Etobicoke. Bambo awo anawagulira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe. Tsopano a Walter ankasamukira kunyumba ya okalamba, ndipo mwana wawo Joan ankafuna kudziwa ngati sitimayo ingathandizeko kulipira kumeneko. Anamva za mayi wina wa ku Oakville wodziwa mitengo ya zidole zakale, koma analibe nthawi yopitako. Inenso ndinalibe, kungoti pakamwa panga sipadziwa kukana.

Basi inandidya madola atatu ndi timasenti, n'kundisiya pa sitima ya pansi pa nthaka. Mpando ndinaupeza, koma tulo sindinatipeze, chifukwa njanji za m'bokosimo zinkalira ngati masipuni pa ukwati. Nditafika pa siteshoni ya Union ndinagula khofi ndi kabanzi kolimba kamene kanandithyola nsagwada, kenaka tikiti ya ku Oakville, pafupifupi madola khumi.

M'sitima ya ku Oakville, ya nsanjika ziwiri, ndinakhala moyang'anana ndi bambo wa kapu yoyera amene ankalankhula Chiyao pa foni. Atamaliza ndinawapatsa moni. Anali Che Yusufu a ku Mangochi, ogulitsa zipangizo za galimoto.

"Nanga chikatundu chonsechi, amayi, mukushifita?"

"Ayi, bambo, ndanyamula sitima."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Sitima kukwera sitima inzake! Mwailipirira?"

Ndinawatsegulira kuti aone. Anayamikira kuti ikuwala ngati yatsopano, ndipo ndinawauza monyada kuti ndinaikwecha ndekha. Anatsika ku Port Credit akusekabe.

Ku Oakville ndinafika cha m'ma 10 koloko. Basi ya kumene ndinkapita inali itangonyamuka, ndiye ndinayenda pansi theka la ola, kudutsa nyumba zikuluzikulu zopanda ngakhale munthu mmodzi panja. Manja anachita dzanzi. Kawiri konse ndinatula bokosilo n'kulikhalira.

Mayi uja dzina lake anali Bev, wa imvi mbuu, ndipo ankagwirira ntchito m'galaja ya nyumba yake. Anavala magolovesi oyera, n'kutulutsa mutu wa sitimayo pang'onopang'ono. Anautembenuza, anauyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu, ndipo nkhope yake inagwa.

"Anaitsuka ndani?"

"Ine," ndinatero, mawu atayamba kuchepa. "Inali bii, fumbi ndi dzimbiri."

"Ndi chiyani?"

"Sopo, ndi kachitsulo kokwechera mapoto."

Anatseka maso. Kenaka anandionetsa pambali pa mutuwo, pamene panali manambala agolide. Anatsala awiri okha, enawo ndinawakwechera limodzi ndi dzimbiri.

"Nanga makatoni ake ali kuti?"

Makatoniwo ndinkawakumbukira bwino. Anali ong'ambika, onunkha nkhungu, ndipo a Walter ali ndi chifuwa. Ndinawaponya m'bini Lachinayi, galimoto ya zinyalala n'kuwatenga ine ndikuona.

Bev sanakalipe. Anandifotokozera kuti ogula zinthu zoterezi amafuna utoto woyambirira, ngakhale wakuda, ndipo katoni yong'ambikayo amailipira ndithu. Ikanabwera mmene inalili, anati, ikanafika madola zikwi ziwiri. Mmene ndinaikonzeramu, mazana asanu, mwina asanu ndi limodzi.

Anatenga pepala kuti alembe, n'kuima. "Ndilembe mtengo wokha, kapena ndi chifukwa chake?"

Ndinaganiza za kalata imene Joan anandilonjeza, yondichitira umboni kuti ndipeze ntchito ina a Walter akachoka. Akanalemba mtengo wokha, palibe akanadziwa kanthu. Koma ndinali wotopa kwambiri moti bodza ndinalibe nalo mphamvu zolinyamula pamodzi ndi bokosi.

"Lembani zonse."

Anandipatsa tiyi ndi bisiketi ziwiri, ndipo anandiperekeza pa galimoto yake mpaka ku siteshoni.

Pobwerera ndinatsika ku Long Branch n'kukwera basi yolowera kwa a Walter. Ndinafika 2 koloko itapitirira. Joan anali pabalaza akulongedza mbale. Anawerenga pepalalo ataimirira, n'kuliwerenganso.

"Bwanji osandifunsa, Esnart?"

Ndinangopepesa. Analipinda pepalalo, n'kunena kuti tikambirana Lolemba.

"Mukunong'onezana chiyani?" anafunsa a Walter ali pa mpando wawo.

Ndinagwada pafupi ndi khutu lawo labwino n'kuwauza. "Agogo, ndakulakwirani. Makatoni aja ndinataya, ndipo sitima yatsika mtengo."

Poyamba ndinaganiza kuti sanamve.

"Makatoni aja ndinkadana nawo," anatero. "Bambo ankaitulutsa pa Khirisimasi pokha. Iwo ndi amene ankapukusa kiyi, ine manja kumbuyo. Likatha tsikulo, m'katoni, pamwamba pa kabati. Atamwalira ndinapitiriza kuisunga momwemo. Sindikudziwa kuti ndinkaopa ndani."

Analoza tebulo. "Yala njanji."

Msana unkandiwawa, koma ndinayala. Zala zawo zinalephera kugwira kiyi, ndiye ndinaika dzanja langa pamwamba pa lawo, tinapukusira limodzi. Sitima inanyamuka ikunjenjemera, inazungulira kawiri, kachitatu inagwa pa kona. A Walter anaseka, n'kunena kuti tibwerezenso. Joan anaima pakhomo la khitchini, mbale ili m'manja.

Ndinafika kwanga cha m'ma 5 koloko, ndipo ndinagona ndi jekete. Lolemba Joan sanaitchule nkhaniyo, koma masiku otsalawo ankandilankhula mwachidule, ndipo kalata imene anandilembera inali ya mizere inayi. Sitima sanaigulitse. A Walter anakana, anapita nayo kunyumba ya okalamba.

Ine ndinaleredwa kuti chinthu cha munthu wamkulu sungapite nacho kwa alendo chili chakuda. Ndikuonabe kuti amayi sanandiphunzitse zolakwika. Koma kunyumba imene ndikugwirako ntchito tsopano kuli wotchi yakale ya pakhoma, fumbi lake lokwana kudzalapo mpiru. M'mawa uliwonse ndimaiyang'ana, nsalu ili m'manja, n'kuidutsa.