Nyumba ya Mabawuti

Lata lachiwiri linali litatsika kale pamene alamu anga anatulukira kuseri kwa nthochi, akumanga lamba.

"Alamu! Mukutani pamwambapo?"

Maso anali nawo. Ndinakoletsa sipanala pa bawuti lina n'kupotokola.

"Ndikulankhula ndi inu. Nyumba ya mkamwini sichoka pamudzi. Misala imeneyi mwayamba liti?"

Ameneyu ndi mlongo wawo wa malemu akazi anga, mwini mbumba. Dzulo lake anali atandisudzula. Anakhala pampando, abale ali pamphasa, n'kunena kuti maliro tamaliza, tameta, alamu mwamasuka, mutha kubwerera kwanu. Mawu ake okoma, koma ankatanthauza kuti nyamukani. Pamudzipo ndinafika ndilibe imvi ndi imodzi yomwe. Ndinalima munda wawo, ndinakumba chitsime chawo, ndinafolera nyumba ya amayi awo. Ndinkadziwa kuti zonsezo zidzatsala. Mwambo ndimaudziwa. Bambo anga nawonso anachoka kuchikamwini ndi bulangete ndi khasu basi. Koma nyumba iyi ndinati ayi.

Ndinaipeza ku Likhubula. Ndinkasenza katundu wa alendo okwera phiri mpaka mawondo anakana. Kenako ndinakhala mlonda pamalo ena ogona alendo. Mwini malowo anaitanitsa tinyumba tobwera m'mitolo: matabwa odula kale ndi oboola kale, malata, chitseko, zenera ndi thumba la mabawuti. Ndinathandiza kutimanga. Kamodzi kanatsala m'shedi. Pamene ankatseka malowo anati, madala, tengani ako. Ndinakatuta pa lole ya mchenga.

Chaka chimenecho mvula inali itagwetsa khoma la nyumba yathu ya zidina, ndipo tinkagona m'khitchini. Ndinasanja njerwa, ndinayalapo matabwa apansi, n'kuyamba kuimika mapaso awiriawiri okumana pamwamba. Ntchito imeneyo imafuna anthu awiri, wina agwire, wina amange. Ndinapempha alamu. Anati msana ukuwawa. Anakhala pachitsa n'kumatafuna nzimbe. Amene anagwira mapaso ndi akazi anga, khosi lili m'mwamba, akundikalipira kuti ndifulumire manja atopa.

Itatha, alamu anaizungulira manja ali kumbuyo.

"Denga ndaliona," anatero. "Nanga nyumba ili kuti?"

Anthu anaseka. Kuyambira pamenepo inakhala khola la nkhunda. Nkhani inafika mpaka kumsika ku Chinakanaka, kuti mkamwini wa uko amalowa m'nyumba chokwawa.

Sindinama, nyumba yake ndi yovuta. Makoma ilibe, denga limafika pansi mbali zonse ziwiri. Munthu umaimirira pakati pokha. Khonde palibe, mlendo umamulandirira pansi pa mtengo wa mapeyala. Kabati inakana kulowa, tinapatsa mwana wathu wamkazi. Nthawi yotentha malata amasanduka chiwaya. Akazi anga ankagunda mutu pathabwa lomwelomwelo m'mawa uliwonse, mpaka anakulungapo chitenje chakale n'kumanga ndi luzi. Koma sinadonthepo. Chiperoni chikakhazikika, kapena mvula ya kuphiri ija yogwa ngati akukhuthula ndowa, ife mkati muli gwa.

M'menemo ndi momwe akazi anga anadwalira. Ndinkawatembenuza, kuwamwetsa phala, kuwachapira. Alamu ankafika pakhomo, kusuzumira, kufunsa kuti kwacha bwanji kuno, n'kubwerera. Ati mkatimo mumawabanikitsa.

Tsono tisanamete n'komwe, ndinawapeza akuonetsa nyumbayo kwa munthu wina wotsogolera alendo kuphiri. Ankaloza pamene aikepo chikwangwani, ndi pamene azungu azikhala kumaona phiri. Khola la nkhunda lija. Mphasa imene anafera mlongo wawo inali ikadali padzuwa.

Ndiye chifukwa chake m'mawa umenewo ndinali pamakwerero. Ndinatsitsa lata lina. Azimayi anali atasonkhana chapatali.

"Chilichonse chomangidwa padothi lathu n'chathu!" anakuwa alamu.

Apo ndinayankha. "Weramani muone. Yakhudza dothi pati? Yakhala panjerwa. Njerwazo ndikusiyirani."

Mayi wina anaseka n'kudzigwira pakamwa.

"Mukundinyoza pamaso pa mbumba yanga?"

"Munati ndi khola. Mukulifuniranji?"

Anachoka akuponda mwamphamvu. Ndinaganiza kuti apita kukasuma. Ayi, anabwera ndi mwana wanga uja, khanda lili kumsana. Ndi mwana yekhayo amene tinatsala naye. Mwamuna wake anapita ku Joni, ndipo sizimveka zobwerera.

"Auze bambo ako," anatero alamu.

Mwanayo anayang'ana pansi. "Ababa, tsikani."

"Akutuma."

"Andituma, eya. Koma tsikani mumve zanga."

Ndinatsika.

"Amalume akuti nyumba ikatsala ndilowamo ine ndi ana."

"Iwe ukuwakhulupirira?"

"Ayi." Ananena motsitsa, koma alamu anamva. "Koma mukaitenga, ndiye ndilibe ndi cholimbirana chomwe. Mvula yayandikira, ababa. Kwanga kuja mukudziwa mmene kumadonthera. Munafolera ndinu."

Ndinkadziwa. Nsungwi za denga lake zinali zitafumbwa, ndipo adzukulu anga ankagona atafunda pulasitiki pamwamba pa bulangete.

Ndinayang'ana alamu. Anali ataima chammbali, akutokosa m'mano ndi kaudzu. Munthu ameneyu sanagwirepo thabwa ndi limodzi lomwe, koma anadziwa pondigwira ine. Sipanala inali m'manja mwanga, ndipo zimene ndinaganiza nthawi imeneyo sindizilemba pano. Mpaka lero ndikamva fungo la nzimbe zotafuna mtima umandiwira.

Ndinakweranso makwerero. Mwana wanga anamasula khanda n'kupatsa mayi wina, nayamba kundinyamulira malata aja kuti ndiwabwezeretse. Anagwira makwerero khosi lili m'mwamba ngati amake. Pa mpata umene ndinatsegula, dzuwa linkalowa n'kuwalira chitenje chija pathabwa. Ndinatseka msanga. Bawuti lililonse ndinalimanga mpaka m'manja munatuluka matuza.

"Waona mmene amamasulira?" ndinamufunsa.

"Ndaona."

"Umayambira pamwamba. Mapaso amatsika awiriawiri. Yonse imakwana pa lole imodzi."

"Ndamva, ababa."

Alamu anali atayamba kale kuyankhula ndi azimayi aja. Ati tsopano mlamu wathu waganiza ngati munthu wamkulu. Ati palibe amene akumuthamangitsa, pano ndi pakwawo, azibwera kudzaona adzukulu.

Ndinalowa mkati chowerama. Ndinatenga bulangete, chikwanje ndi jekete langa la ulonda. Chitenje ndinachisiya, ana angamagunde mitu. Nditatuluka, alamu anatambasula dzanja.

"Sipanalayo isiyeni, alamu. Ndi ya nyumba."

Ndinawalambalala. Ndinaiika m'dzanja la mwana wanga n'kupinda zala zake ndi zanga. Iye anaikulunga pamfundo ya chitenje m'chiuno, amalume ake akuona.

"Alamu, osatsanzika? Dikirani tiyi, ali pamoto!"

Ndinakoleka bulangete paphewa n'kutsata kanjira kodutsa m'minda ya tiyi kulowera kumsewu.